Phunziro 7: Njira Zodutsa Pamalo Anu: Yotseka ndi Iti, Yosatseka ndi Iti?

Cholinga cha phunziro lino

Phunziro lino likuthandizani kudziwa chochita pamene anthu azolowera kudutsa pamunda panu, pakhomo panu kapena pabwalo la nyumba zimene mumachititsa lendi. Mudziwa njira imene muli ndi ufulu woitseka, ndi njira imene lamulo likukuletsani kutseka.

Chitsanzo

Tiyerekeze kuti muli ndi malo pafupi ndi mishoni ya Fonte Boa, m'boma la Tsangano. Kutsogolo munamanga nyumba zitatu za lendi, ndipo kuseri kuli munda wa mbatata ya kachewere. Ana asukulu, anthu a njinga ndi abusa a ng'ombe apanga njira yachidule pakati pa nyumbazo mpaka kumunda. Mizere yaphwanyika, zovala zasowa pachingwe, ndipo mmodzi wa olipira lendi wanena kuti asamuka. Mtima ukukuuzani kuti mawa lomwe mudule minga ndi kutsekapo. Dekhani kaye. Mukatseka njira yolakwika, wolakwa mudzakhala inu.

Ufulu wanu

Lamulo la Nthaka, nambala 19/97 la pa 1 Okutobala 1997, likuti nthaka yonse ya Mozambique ndi ya Boma, ndipo siigulitsidwa. Chimene inu muli nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito nthakayo ndi kupindula nayo, umene pa Chipwitikizi umatchedwa DUAT. Ufuluwu mumaupeza m'njira zitatu: potsata mwambo wa makolo, pokhala pamalopo mosabisa ndi mopanda chinyengo kwa zaka 10, kapena popempha chilolezo ku Boma. Kusakhala ndi chikalata sikuchotsa ufulu wanu ngati munaupeza m'njira ziwiri zoyambazo, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, umalandiridwa.

Malangizo otsatira lamuloli anatuluka mu Dekireto 66/98. Ndime 13 ikukupatsani mphamvu yoteteza malo anu kwa wina aliyense wolowerera, malinga mutsate lamulo. Nalo Buku la Malamulo a Pakati pa Anthu, lotchedwa Código Civil, pandime 1356 likulola munthu kumanga mpanda kapena kutchinga malo ake. Choncho munthu amene akudutsa pabwalo panu chifukwa chongoopa kuzungulira, chonsecho njira ina ilipo, alibe ufulu wotero.

Udindo wanu

Dekireto yomweyo, pandime 14, ikuti muyenera kulola anansi kudutsa pamalo anu ngati alibe njira ina yofikira kumsewu wa anthu onse kapena kumadzi a anthu onse. Pa Chipwitikizi njira yotere imatchedwa servidão de passagem. Njira zakale za mudzi ndi mikwaso ya ng'ombe imene inakhazikika mwa mwambo nazonso zimalemekezedwa.

Kumbukirani tanthauzo la dzina la Fonte Boa: kasupe wabwino. Ndime 8 ya Lamulo la Nthaka ikuika malo ofika mamita 100 kuchokera pakasupe m'gulu la malo otetezedwa, ndipo pamalo otere munthu sangakhale ndi DUAT. Amene atsekera anzake kasupe ponena kuti ali m'dimba mwake, wadziputira mlandu.

Mafunso atatu musanatseke

1. Kodi njirayi inayamba liti? Ngati agogo a m'mudzi akuikumbukira kuyambira ubwana wawo, ndi njira ya mudzi. Ngati inayamba chaka chatha pamene mlatho wamitengo unakokoloka, ndi nkhani ina.

2. Kodi ikupita kuti? Njira yopita kuchitsime, kumanda, kudambo kumene ziweto zimamwa kapena kumunda wa mnansi wozingidwa ndi minda ya ena siifanana ndi njira yothamangira kugolosale.

3. Kodi pali njira ina? Ngati ilipo, ndipo mayi wosenza ndowa kapena ngolo ya ng'ombe ikhoza kudutsamo ngakhale nthawi ya dzinja, muli ndi chifukwa chomveka chotsekera yanu.

Ngati njirayo ndi yachidule chabe

Choyamba, lankhulani ndi odutsawo mwaulemu. Ambiri sadziwa kuti akuwononga. Ngati ndi ana, onanani ndi makolo awo kapena aphunzitsi. Ngati ndi abusa, pitani kwa mwini khola.

Chachiwiri, dziwitsani amfumu kapena anyakwawa, kuti alengeze pamsonkhano wa mudzi tsiku limene njirayo itsekedwe. Patsani anthu nthawi yozolowera njira ina.

Chachitatu, itanani anansi kuti muyendere limodzi malire musanakumbe dzenje ngakhale limodzi. Mipanda yambiri imene imathera kubwalo ndi imene inaluma phazi limodzi la munda wa mnansi.

Chachinayi, dzalani mpanda wamoyo, monga khonje kapena nsungwi, ndipo siyani khomo limodzi loonekera. Mpanda wa udzu umathandiza msanga, koma suchedwa kutha ndi moto wolusa kapena chiswe.

Ngati njirayo ndi yofunika

Simungaitseke, koma simuli okakamizidwa kuilola kudutsa pakhomo penipeni pa nyumba. Código Civil pandime 1553 ikuti njira yotere idutse pamene ikuwononga pang'ono, ndipo ndime 1568 ikulola mwini malo kupempha kuti njira isunthidwe pa ndalama zake, malinga oigwiritsa ntchito asavutike nazo. Kawirikawiri yankho labwino ndi kuilambalalitsa m'mphepete mwa malire. Gwirizanani za kukula kwake, ngati ndi ya oyenda pansi okha kapena ya ngolo, ndiponso amene aziilambula. Lembani panganolo, musaine pamaso pa amfumu ndi mboni, amayi akhalepo, ndipo mbali iliyonse isunge pepala lake. Paja akulu anati madzi saiwala khwawa: njira imene mwaitseka popanda kupereka ina, anthu adzaitsegulanso usiku.

Kwa inu olipira lendi

Musamange mpanda musanamvane ndi mwini nyumba. Komabe simuli opanda mawu: ndime 1037 ya Código Civil ikulola wolipira lendi kukadandaula yekha kukhoti ngati wina akumusokoneza pamalo amene akulipira. Ndi bwino kuti pangano la lendi linene za njira iliyonse yodutsa pabwalopo, kuti pasakhale kudabwa mtsogolo.

Zosayenera kuchita

Musatchere misampha, musakwirire misomali kapena magalasi m'njira, musathire mankhwala ophera ziweto, ndipo musamenye mwana wodutsa. Zonsezi ndi milandu, ndipo zimasandutsa wodandaula kukhala woimbidwa mlandu. Ng'ombe zikadya mbewu zanu, itanani mboni zione zowonongekazo tsiku lomwelo, kenaka pemphani chipukuta misozi pabwalo.

Kokadandaula

Yambani kwa amfumu, pakuti ndime 24 ya Lamulo la Nthaka ikuvomereza kuti midzi izithetsa mikangano ya malo potsata mwambo. Zikakanika, pitani kukhoti la m'mudzi, limene linakhazikitsidwa ndi Lamulo 4/92, kapena kuofesi ya Boma yoona za ulimi ndi malo. Pomaliza pali khoti la boma. Musachedwe: ndime 1282 ya Código Civil ikupereka chaka chimodzi chokha chokasumira amene wakusokonezani pamalo anu.

Mafunso okambirana pagulu

1. Tchulani njira za m'mudzi mwanu zimene palibe angatseke. Kodi zinalembedwa penapake?

2. Kodi mayi wamasiye amene mnansi wamutsekera njira ya kudimba angayambire kuti?

3. Jambulani pansi mapu a mudzi wanu, muonetse zitsime, akasupe, manda ndi mikwaso ya ng'ombe. Sankhani munthu woti awakopere papepala ndi kukawasungitsa kwa amfumu.