Wopita ku Kazakhstan ayambire ku Almaty

Kazakhstan ndi dziko lachisanu ndi chinayi pa kukula padziko lonse, ndipo mwa mayiko onse opanda gombe la nyanja yaikulu yamchere, palibe lolipambana. Malawi angalowemo pafupifupi ka 23, koma anthu ake ndi ongopitirira pang'ono 20 miliyoni, chiwerengero chosasiyana kwenikweni ndi cha Amalawi. Zikatere, mizinda imatalikirana koopsa, ndipo pakati pake pamangokhala chidikha cha udzu chosatha. Mlendo wofuna kuona zonse m'sabata ziwiri amathera tchuthi chake pawindo la sitima. Wochenjera amasankha chigawo chakummwera, n'kuchiyenda mosafulumira.

Choyamba ndi mapepala. Mwini pasipoti ya Malawi amafunika viza, ndipo viza ya alendo odzaona malo imadalira kalata yoitanira yochokera ku kampani yokopa alendo ya ku Kazakhstan komweko. Dzikolo lili ndi akazembe ku Pretoria ndi ku Addis Ababa. Nkhaniyi iyambike miyezi iwiri ulendo usanafike, tikiti isanagulidwe. Amene ali ndi pasipoti ya Britain amalowa popanda viza kwa masiku 30. Akafika, lamulo limati hotela kapena mwininyumba adziwitse a zolowa ndi kutuluka pasanathe masiku atatu ogwira ntchito, choncho si mwano kufunsa wa pahotela ngati wachitadi zimenezo.

Ndege yolunjika kuchokera ku Lilongwe kapena ku Chileka kulibe. Njira yake ndi yodzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kenako Dubai, Doha kapena Istanbul, komwe Air Astana, flydubai, Qatar Airways ndi Turkish Airlines zimauluka kupita ku Almaty. Ndi kudikira pamabwalo, ulendowu umadya tsiku lathunthu kapena kuposa. Kuyambira pa 1 Malichi 2024 dziko lonselo limayendera nthawi imodzi, yomwe ili patsogolo pa ya ku Malawi ndi maola atatu.

Nyengo ndiyo imapusitsa ambiri. Kwawo kumatentha mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene kuno anthu akuwotha moto, ndipo mu Januwale ku likulu la dzikolo, Astana, kuzizira kumatha kutsika kupyola madigiri 30 pansi pa ziro. Mwa malikulu onse a mayiko, Ulaanbaatar yekha ndiye amazizira kuposa pamenepo. Jekete yogula pa kaunjika ku Tsoka kapena ku Limbe siithandiza kanthu kumeneko. Miyezi yabwino ndi Meyi, Juni, Sepitembala ndi chiyambi cha Okutobala. Wofuna kuona magule, mipikisano ya mahatchi ndi mahema ozungulira a ubweya wa nkhosa atadzaza m'mabwalo apite pa chikondwerero cha Nauryz, pa 21 mpaka 23 Malichi, koma atenge zovala zochindikala.

Almaty linali likulu mpaka 1997, ndipo ndiwo mzinda waukulu mpaka lero, wa anthu oposa 2 miliyoni. Uli m'tsinde mwa mapiri a Ile Alatau, omwe nsonga zake zimakhala zoyera ndi chipale chofewa, moti wosochera amangoyang'ana kumene kuli mapiri n'kudziwa kuti kummwera ndi uko. M'mapiri amenewa mumamera mtengo wakutchire womwe akatswiri amati ndiwo kholo la maapozi odyedwa padziko lonse. Masiku atatu amakwana. Tsiku loyamba ndi la paki ya Panfilov, momwe muli tchalitchi cha Zenkov chomangidwa ndi matabwa mu 1907, chomwe chinapirira chivomezi cha 1911 nyumba zambiri zitagwa. Pafupi pomwepo pali msika wa Green Bazaar: zipatso zouma, uchi, soseji ya nyama ya hatchi yotchedwa kazy, ndi timibulu touma ta mkaka wowawasa, kurt, ta mchere wambiri. Ogulitsa amakonda kulawitsa, ndipo mtengo umakambidwa.

Tsiku lachiwiri basi nambala 12 imakwera mpaka ku Medeu, bwalo lotsetserekapo pa madzi oundana lomwe lili pamtunda wa mamita 1,691. Kuchoka apo tingolo toyenda pa chingwe m'mwamba timafikitsa munthu ku Shymbulak, pamwamba pa mamita 2,200. Woyenda m'tchire la m'mapiri pakati pa Epulo ndi Juni avale thalauza ndi malaya a manja aatali, chifukwa nkhupakupa za kumeneko zimafalitsa matenda otupitsa ubongo.

Pa zoyendera, mumzinda anthu amaitana takisi ndi Yandex Go kapena inDrive, ndipo mapu odalirika ndi a 2GIS. Ndalama yawo ndi tenge. Kwacha sasinthitsa kumeneko, choncho atenge madola a America osang'ambika ndi khadi la Visa. Eni dziko amalipira pafupifupi chilichonse pa foni ndi Kaspi, zomwe mlendo sangakwanitse, ndiye tenge za m'manja zisasowe m'thumba. Chingerezi chimamveka m'mahotela ndi kwa achinyamata ena. Kwina konse ndi Chikazakh ndi Chirasha, ndipo zikwangwani zambiri ndi za zilembo za Cyrillic.

Kum'mawa kwa Almaty, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200, kuli chigwa chakuya cha Charyn, cha matanthwe ofiira osemedwa ndi madzi ndi mphepo. Ambiri amapita m'mawa n'kubwerera madzulo, koma kutero n'kudzimana. Ndi bwino kupitirira mpaka mudzi wa Saty, kugona m'nyumba ya banja la komweko, n'kuona nyanja za Kolsai ndi ya Kaindy. Nyanja ya Kaindy inabadwa pamene chivomezi chija cha 1911 chinagumula phiri n'kutseka chigwa, ndipo mitengo yomwe inamira idakali chiimire m'madzimo. Msewu wake umafuna galimoto yamphamvu. Derali lili pafupi ndi malire a Kyrgyzstan, choncho pasipoti isatsale kuhotela.

Ku Saty n'kumene mlendo amakumana ndi mwambo. Nsapato zimavulidwa pakhomo. Tiyi wamkaka amathira theka la kambale kokha, osati chifukwa cha umbombo, koma kuti mwininyumba azionjezera pafupipafupi mlendo asafulumire kunyamuka. Chakudya chaulemu ndi beshbarmak, nyama ya hatchi kapena ya nkhosa yowiritsa pamwamba pa timapepala ta ufa wa tirigu, ndipo chimadyedwa ndi manja monga nsima. Mlendo wolemekezeka amapatsidwa mutu wa nkhosa kuti agawire anzake. Kumis, mkaka wosasa wa hatchi, uli ndi kamowa pang'ono ndipo umatha kusokoneza m'mimba yosazolowera. Kulawa kokha n'kokwanira.

Mbali yotsiriza ndi ya sitima yausiku yopita ku Turkistan kudzera ku Shymkent. Tikiti ya kupe ndi ya chipinda cha mabedi anayi, pamene platskart ndi yotsika mtengo, yopanda zitseko, ndipo m'menemo ndi momwe anthu amagawana chakudya ndi nkhani. Madzi otentha a tiyi amakhalamo nthawi zonse. Ku Turkistan kuli chiliza cha Khoja Ahmed Yasawi, mphunzitsi wachisilamu wa m'zaka za m'ma 1100. Mfumu Timur inalamula kuti chimangidwe mu 1389, koma inamwalira mu 1405 chisanathe, ndipo kumaso kwake kudakali njerwa zosakongoletsa. M'kati muli chimphika chachikulu chamkuwa cholemera matani pafupifupi awiri. Awa ndi malo opembedzerapo, kotero amayi amafunda mpango kumutu.

Astana, ndi nsanja yake ya Bayterek komanso chihema cha Khan Shatyr, ili pa makilomita oposa 1,200 kuchokera ku Almaty, ndipo tsiku limodzi limaikwanira. Baikonur, komwe Yuri Gagarin ananyamukira kupita mumlengalenga mu 1961, imafuna chilolezo chapadera chopemphedwa kudakali milungu ingapo. Kwa munthu wa masiku khumi, Almaty, Saty ndi Turkistan n'zokwana. Kumpoto kudikire ulendo wachiwiri.