Phunziro: Khansa ya khomo la chiberekero ndi atsikana omwe ali ndi HIV

Achinyamata anzanga, pamsonkhano wa kalabu mtsikana wina wa zaka 26 anandifunsa kuti: "Alangizi, ine ma ARV ndimamwa tsiku lililonse osadumphitsa, ndipo kachirombo kachepa kwambiri m'magazi mwanga. Nanga anamwino akulimbikiranji kuti ndikayezetse khomo la chiberekero pomwe sindikumva kupweteka paliponse?" Funsoli ndi labwino, tiyeni tiliyankhe limodzi.

Khansa imeneyi imayamba ndi kachirombo kena kosiyana ndi HIV, kotchedwa HPV. Kachiromboka kamafala pogonana, ndipo anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, amakatenga nthawi ina m'moyo wawo osadziwa. Kawirikawiri thupi limakathetsa lokha. Koma kakakhalitsa pa khomo la chiberekero kamayamba kuononga khungu la pamenepo pang'onopang'ono, mapeto ake n'kukhala khansa.

Apa ndi pomwe HIV imalowerera. Chitetezo cha m'thupi chikafooka, thupi limalephera kuchotsa HPV. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti chiopsezo chodwala khansayi kwa mayi yemwe ali ndi HIV n'chochuluka ka 6 kuposa mayi yemwe alibe. Kwa munthu wa chitetezo chabwino khansayi imatenga zaka 15 mpaka 20 kuti ikhwime, koma chitetezo chikakhala chofooka zaka 5 mpaka 10 zimakwana. Taganizirani mtsikana yemwe anatenga HPV ali ndi zaka 17. Ma ARV amalimbitsa chitetezo, choncho osawasiya, koma sapha HPV. Ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko omwe amayi ambiri amadwala ndi kumwalira ndi khansayi.

Kodi amayeza bwanji?

Njira yodziwika m'zipatala zathu ndi ya viniga, yomwe achipatala amaitcha VIA. Mumagona pabedi, namwino amalowetsa kachipangizo kotsegula njira ya abambo kuti aone khomo la chiberekero, kenaka amapakapo viniga ndi thonje n'kudikira mphindi imodzi. Malo omwe ayamba kuonongeka amasanduka oyera. Zotsatira mumazimva tsiku lomwelo. Sindikunamizani kuti n'zosangalatsa: kachipangizoko kamazizira ndipo manyazi amakhalapo, koma pakangotha mphindi zochepa mwadzuka. Pitani tsiku lomwe simukusamba. M'zipatala zina mulinso njira yoyeza HPV yeniyeniyo, ndipo mayi atha kudzitengera yekha chikazi ndi kathonje.

Mphekesera yomwe ndimaimva kwambiri m'midzi ndi yakuti anamwino amatulutsa chiberekero n'kuchitsuka, kapena kuti ukayezetsa sudzaberekanso. Limeneli ndi bodza. Chiberekero sachikhudza, amangoyang'ana pakhomo pake.

Akapeza malo oyera, sizitanthauza kuti muli ndi khansa. Nthawi zambiri ndi zilonda zomwe zingathe kudzasanduka khansa mtsogolo. Zikakhala zazing'ono amazipsereza ndi kachipangizo kotentha, nthawi zina tsiku lomwelo. Zikakhala zazikulu amakutumizani kuchipatala chachikulu. Mukalandira chithandizochi mumatuluka chikazi chamadzimadzi kwa masabata angapo, mumayenera kupewa kugonana kwa masabata 4, ndipo mumabwereranso pakatha chaka kuti akuoneni.

Anyamata, apa mpanu. Pali atsikana omwe amakana chithandizo poopa kuti mwamuna kapena chibwenzi sichipirira mwezi umodzi. Chilonda chosapola chimatuluka magazi ndipo chimalowa matenda mosavuta. Mnyamata wokakamiza mnzake nthawi imeneyi akumuvulaza.

Ndani ayezetse?

Malangizo a WHO a 2021 akuti mayi yemwe ali ndi HIV ayambe kuyezetsa ali ndi zaka 25, ndipo aziyezetsa pafupipafupi kuposa yemwe alibe. Tsiku lobwereranso afunseni anamwino ndipo alilembe m'buku lanu lakuchipatala. Tsiku lotenga ma ARV ndi labwino kufunsa, chifukwa mwafika kale pachipatala ndipo simulipiranso thiransipoti.

Ambiri a inu simunafike zaka 25. Kwa ang'onoang'ono kuli katemera wa HPV, yemwe boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Mtsikana yemwe ali ndi HIV amafunika kubayitsa kangapo, osati kamodzi kokha. Katemerayu amateteza, sachiza, ndipo wobayitsa ayenerabe kudzayezetsa akakula. Koma ngati mukutaya magazi mukagonana kapena pakati pa msambo, kapena mukutuluka chikazi chonunkha chosatha, musadikire zaka 25 ndipo musayambe kwa asing'anga. Pitani kuchipatala sabata yomweyo.

Pamsonkhano wotsatira gawanikani m'magulu awiri, anyamata paokha, atsikana paokha, mukambirane izi: mnzanu wauzidwa kuti akufunika kupserezedwa zilonda, koma chibwenzi chake chikukana. Mungamuuze chiyani iye, nanga mnyamatayo mungamuuze chiyani? Mlembi alembe mayankho, mundipatse ndikadzabwera.