Ndani angandilangize za inshuwalansi ya kuchipatala popanda kundigulitsa kanthu?

Alangizi,

Ndine mlimi wa mbatata ya kachewere kuno ku Ntengo-wa-Mbalame, m'boma la Tsangano. Chibadwire sindinalembedwepo ntchito. Ndimalima, ndikakumba ndimagulitsa kwa amalonda obwera ndi malole kuchokera ku Tete, matumba ena ndimatsitsira kumsika wa kumalire ndi Ntcheu. Chaka chatha mayi a kunyumba adadwala mpaka adatitumiza ku Ulónguè, ndipo ndalama yonse ya feteleza idathera pa ulendo umenewo. Mwezi wathawu kudabwera mnyamata ndi mapepala a kampani ina, akuti ndikamapereka ndalama mwezi ndi mwezi banja langa lonse lizithandizidwa kuchipatala osalipira. Akuti uphungu wake ndi waulere. Koma alamu anga olima fodya ku Furancungo akuti ndisataye ndalama, ndingolembetsa ku INSS. Mutu waima. Kodi ziwirizi n'zofanana? Nanga ndingapite kwa yani woti andiuze zoona, osati wofuna kuti ndisaine?

Mlimi wa kachewere, Tsangano

Bambo,

Pepani ndi matenda a mayi. Mwachita bwino kufunsa musanasaine.

Ndiyambe ndi mnyamata uja. N'zoona kuti simumulipira kanthu pokambirana naye, koma malipiro ake amachokera ku kampani, ndipo amawalandira inu mukagula. Si kuba kumeneko, ndi mmene ntchito ya ogulitsa inshuwalansi imayendera kulikonse. Kungoti munthu wotere sangakuuzeni kuti "musagule". Mumveni ngati wamalonda, ndipo uphungu mukaufune kwina.

Ziwiri mwafunsazi n'zosiyana kwambiri. Inshuwalansi ya kampani imalipira chipatala. INSS, lomwe ndi bungwe la boma la Instituto Nacional de Segurança Social, silipira zipatala zolipira kapena kugula mankhwala. Limapereka ndalama kwa inuyo pamene matenda, ukalamba kapena kulumala kwakulepheretsani kugwira ntchito, komanso kwa banja lanu mukamwalira. Ndiye musanasankhe, kumbukirani bwino kumene ndalama ya feteleza ija idapita. Kwa zaka zambiri zipatala za boma za kumidzi kuno zakhala zikulipiritsa metikali imodzi poonana ndi adokotala ndi mametikali asanu pa mankhwala, ndipo chithandizo cha chifuwa chachikulu ndi ma ARV n'chaulere. Ndikukhulupirira kuti chidakudyerani ndalama ndi njinga yamoto kapena galimoto yopita ku Ulónguè, chakudya cha wodikirira matenda, mankhwala ogula ku famasi atasowa kuchipatala, aganyu opalira m'munda inu kulibe, ndi mbatata imene idakhalitsa m'nthaka. Makampani ambiri salipira zinthu zoterezi. Amalipira adokotala ndi bedi pa chipatala cholipira chimene adagwirizana nacho.

Vuto lalikulu kwa munthu wa ku Tsangano kapena ku Furancungo lagona pomwepa. Zipatala zolipira zimene makampani amagwira nazo ntchito zachulukira m'mizinda ngati Tete, Beira ndi Maputo. Khadi la inshuwalansi likhoza kukhala labwino kwa kalaliki wa ku Moatize, koma kwa inu, mwana akatentha thupi usiku wa dzinja msewu utaterera, muthamangira ku chipatala cha boma chapafupi, kumene khadilo sakalifunsa n'komwe. Choncho mnyamatayo akabweranso, funso loyamba likhale lakuti: tchulani dzina la chipatala chapafupi ndi kwathu chimene chimalandira khadi limeneli, ndipo mundionetse pamene palembedwa. Akayankha kuti "paliponse", osakuonetsani mndandanda, nkhani ithere pomwepo.

Akakuonetsani, pitirizani kufunsa. Pa Chipwitikizi pali mawu awiri amene muyenera kuwasaka m'pepalalo. Loyamba ndi carência, nthawi imene mumakhala mukulipira koma simunaloledwe kugwiritsa ntchito khadi. Pa uchembere ndi opaleshoni nthawiyi imatalika. Lachiwiri ndi doenças pré-existentes, matenda amene munthu adali nawo kale asanalowe. Matenda a mayi a chaka chatha akhoza kugwera m'gulu limeneli, mwakuti munthu amene mukumugulira khadi ndi yemweyo amene akanidwe. Funsaninso malire a ndalama imene kampani ingalipire pa chaka, ngati ambulansi ili momwemo, ndi chimene chimachitika mukadumpha miyezi iwiri, poti ndalama ya mlimi imabwera ndi nyengo. Popeza ambiri a kumalire mumadutsira ku Ntcheu kapena ku Dedza mukadwala, dziwani kuti khadi la kuno siligwira ntchito ku Malawi pokhapokha zitalembedwa m'panganolo. Ndipo kampani iliyonse yogulitsa inshuwalansi m'dziko muno iyenera kukhala ndi chilolezo cha boma. Bungwe limene lakhala likuyang'anira zimenezi ndi Instituto de Supervisão de Seguros de Moçambique. Mnyamatayo aonetse umboni wakuti iye ndi kampani yake ndi ovomerezeka. Ndalama musatumize pa nambala ya foni ya munthu, ndipo musapereke popanda lisiti la kampani.

Tsopano za alamu anu. Akunena zanzeru, ngakhale sanamalize kufotokoza. Lamulo la chitetezo cha anthu la nambala 4 la 2007 lidatsegula khomo kuti anthu odzigwirira okha ntchito, amene pa Chipwitikizi amati trabalhadores por conta própria, alowe nawo mu INSS, ndipo malamulo a 2017 ndi amene amafotokoza kayendetsedwe kake. Wolembedwa ntchito amadulidwa 3 peresenti ya malipiro, abwana n'kuwonjezera 4. Inu mulibe bwana, ndiye 7 peresenti yonse mumalipira nokha, kuwerengera pa ndalama imene mwanena kuti mumapeza pa mwezi, ndipo ndalamayo isachepere malipiro otsikitsitsa amene boma lidakhazikitsa pa mtundu wa ntchito yanu. Mwachitsanzo, mukalembetsa kuti mumapeza mametikali 10,000 pa mwezi, muzipereka 700. Kulembetsa n'kwaulere, ndipo kulipira kumatheka kudzera ku banki kapena pa foni ndi M-Pesa, osakwera galimoto.

Mukalipira kwa miyezi yokwanira, muli ndi ufulu wolandira ndalama pa masiku amene adokotala alemba kuti simungagwire ntchito, thandizo la maliro, ndi penshoni ya amasiye. Mayi wolembetsa amalandiranso ya uchembere. Penshoni yathunthu ya ukalamba imafuna miyezi 240 yolipira, ndiye kuti zaka 20, mwamuna atakwana zaka 60, mkazi 55. Zaka 20 si masewera, ndipo ndimamva chisoni ndikaona anthu akulembetsa mwa chidwi tsiku la msonkhano, kulipira miyezi itatu, n'kusiya. Kapepala ka kulembetsa pakokha sikabweretsa kanthu. Chimene amawerenga tsiku la tsoka ndi miyezi imene mudalipira. Ndiponso mayi akadwala, INSS yanu siiwapatsa ndalama ya matenda ngati kuti ndinu. Ngati nawonso amagulitsa kumsika kapena ali ndi dimba lawo, alembetse m'dzina lawo.

Kwa amene mungapite osalipira alipo. Ogwira ntchito ku INSS amafotokoza zonsezi kwaulere, ndipo salandira kanthu inu mukalembetsa. Ofesi yaikulu ya chigawo chino ili mumzinda wa Tete, ina ili ku Angónia, ndipo nthawi zina amayendera misika ndi magulu a alimi. Munyamule chitupa cha B.I., nambala ya msonkho ya NUIT ndi kalata yotsimikiza ntchito imene mumagwira, ndipo muwafunse za kulipiriratu miyezi ingapo pamodzi mukangogulitsa mbatata, chifukwa mu Januwale thumba limakhala lopanda kanthu. Alamu anu angachite chimodzimodzi akalandira ya fodya. Pa ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, SDSMAS, akuuzani chithandizo chimene n'chaulere, amene saloledwa kulipiritsidwa, ndi njira imene odwala amatumizidwira kuchokera pa chipatala chaching'ono kupita ku Ulónguè kapena ku chipatala chachikulu cha Tete. Pepala la kampani lija, lolembedwa m'Chipwitikizi cha maloya, pitani nalo ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza pa za malamulo anthu osakwanitsa kulipira loya. Akuwerengereni ndime ndi ndime. Wogulitsa wokana kukusiyirani pepala kuti mukaonetse ena ndiye kuti pali chimene akubisa.

Maganizo anga ndi awa. Lembetsani ku INSS chaka chino, pa ndalama imene mungaikwanitse ngakhale chaka choipa. Ndalama imene mukadapatsa kampani mwezi ndi mwezi muziyamba mwaisunga padera, ya ulendo wa kuchipatala basi, pa foni ya mayi kapena ku banki m'khonde kumene kuli thumba la zadzidzidzi, ndipo mugwirizane m'banja kuti imeneyo siigula mbewu. Inshuwalansi ya kampani muiganizire pokhapokha ngati pakhomo pali wodwala wofunika kuonana ndi adokotala a ku Tete kawirikawiri, matenda akewo atalembedwa m'panganolo kuti alipiridwa, ndipo a IPAJ ataliwerenga.

Mlangizi