Phunziro 17: Tiwerengere dothi tisanagwire khasu

TIWERENGE PAMODZI

Anzathu, kwathu kuno ku Angónia mvula imagwa miyezi yochepa. Madzi amathamanga m'khwawa, napita. Chilimwe chikafika dimba limauma, kabichi ndi tomato zimafota. N'chifukwa chake koperativa imafuna damu.

Damu la Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi linamangidwa ndi konkire. Lathu ndi la dothi. Zida zathu ndi khasu, fosholo, ndowa ndi wilibala.

Ife tinalakwapo kale. Chaka china tinayamba khoma la damu osawerengera. Tinangoyang'ana khwawa ndi maso, n'kunena kuti, "Apa mlungu umodzi basi." Tinayamba mochedwa. Ntchito ili mkati, ena anachoka kukakonza minda yawo. Mvula yoyamba inapeza khoma lisanathe. Madzi anadutsa pamwamba, nakokolola dothi lonse. Anthu sanali aulesi ayi. Tinagwa chifukwa chosadziwa kuchuluka kwa dothi limene linkafunika.

Lero tiphunzira kuwerengera dothilo.

MAWU ATSOPANO

Kiyubiki mita: dothi lodzaza bokosi la mita 1 m'litali, mita 1 m'lifupi ndi mita 1 m'mwamba. Pa Chipwitikizi amati metro cúbico. Papepala amalemba m³.

Nkhope ya khoma: mbali imene tingaone titadula khoma pakati monga timadulira mbatata.

Aterro: malo othirapo dothi.

Escavação: malo okumbapo dothi.

Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000. Ndowa yathu ndi ya malita 20. Ndiye kuti kiyubiki mita imodzi ndi ndowa 50.

TIPIME KHWAWA

Tiyerekeze kuti khwawa lathu ndi la mamita 40 kuchokera tsidya lino kufika tsidya ilo. Tikhoma zikhomo 5, chikhomo chilichonse pa mamita 10. Tikoka chingwe kuchokera pa chikhomo choyamba kufika pa chomaliza. Chingwe chikhale chowongoka, tichiyeze ndi levulo. Chingwecho ndicho pamwamba pa khoma.

Tsopano pa chikhomo chilichonse tipima kuchokera pa chingwe kufika pansi. Tapeza motere:

Chikhomo 1: mamita 0
Chikhomo 2: mita 1
Chikhomo 3: mamita 2
Chikhomo 4: mita 1
Chikhomo 5: mamita 0

Khoma la dothi siliima chilili ngati khoma la njerwa. Limakhala lotambalala pansi, lochepa pamwamba. M'chitsanzo chathu pamwamba ndi mamita 3. Khoma likakwera mita 1, tsinde lake litambalala mamita 2 mbali ya madzi, ndi mamita 2 mbali ya kumunsi. Kutsetsereka koyenera dothi lathu tifunse mlangizi, pakuti mchenga ndi dongo sizigwira mofanana.

KUKULA KWA NKHOPE

Lamulo ndi ili: tiphatikiza pamwamba ndi pansi, tigawa pawiri, tichulukitsa ndi msinkhu.

Pa chikhomo 2 msinkhu ndi mita 1.
Pansi: 2 + 3 + 2 = 7
3 + 7 = 10
10 ÷ 2 = 5
5 × 1 = 5
Nkhope ndi masikweya mita 5.

Pa chikhomo 3 msinkhu ndi mamita 2.
Pansi: 4 + 3 + 4 = 11
3 + 11 = 14
14 ÷ 2 = 7
7 × 2 = 14
Nkhope ndi masikweya mita 14.

Taonani, anzathu. Msinkhu wangowirikiza kawiri, koma nkhope yakula pafupifupi katatu. Apa m'pamene maso amatinamiza. Khoma likamakwera, limadya dothi lambiri kuposa mmene tiganizira.

Chikhomo 4 n'chimodzimodzi ndi chikhomo 2. Pa chikhomo 1 ndi 5 palibe nkhope, tilemba 0.

DOTHI LA PAKATI PA ZIKHOMO

Lamulo lachiwiri: tiphatikiza nkhope ziwiri zoyandikana, tigawa pawiri, tichulukitsa ndi mtunda wa pakati pake.

Pakati pa 1 ndi 2: 0 + 5 = 5. Kuchulukitsa ndi 10 ndi 50. Kugawa pawiri ndi 25.
Pakati pa 2 ndi 3: 5 + 14 = 19. Kuchulukitsa ndi 10 ndi 190. Kugawa pawiri ndi 95.
Pakati pa 3 ndi 4: 95.
Pakati pa 4 ndi 5: 25.

Tayamba kuchulukitsa, kenaka kugawa. Yankho silisintha, koma masamu apepuka.

Zonse pamodzi: 25 + 95 + 95 + 25 = 240.

Khoma lathu ndi makiyubiki mita 240.

Koma khoma latsopano limatsika pang'ono nthawi ikamapita. Choncho tiwonjezera gawo limodzi mwa magawo 10. Gawo limenelo ndi 24. Ndiye 240 + 24 = 264.

264 × 50 = 13,200. Zimenezi ndi ndowa. Ndipo tidzasenza zoposa pamenepo, chifukwa dothi lokumba kumene limafufuma, tikalitsendera limachepa. Tizithira pang'onopang'ono, osapitirira masentimita 15, tinyowetse, titsendere, kenaka tithirenso.

MASIKU ANGATI?

Tiyese tokha tsiku loyamba. Ngati munthu mmodzi akumba, asenza ndi kutsendera kiyubiki mita 1 pa tsiku, anthu 24 adzatsiriza masiku 11. Ngati dothi lili kutali, ndipo munthu akwanitsa theka lokha, masiku akhala 22. Tsopano msonkhano ungathe kusankha mwezi woyambira, ndi kugawa magulu mvula isanafike.

WOPIMA MALO NDI KOMPYUTA

Masiku ano wopima malo amabwera ndi chida cha miyendo itatu, kapena GPS, kapena kandege kouluka kopanda munthu kotchedwa drone. Iye sakhoma zikhomo 5 zokha. Amatenga malo mazanamazana. Pa malo aliwonse amalemba manambala atatu: awiri onena pamene malowo ali, imodzi yonena kukwera kwake.

Manambalawo amawalowetsa mu pulogalamu ya kompyuta. Ina ndi Civil 3D, yogula. Ina ndi QGIS, yaulere. Pulogalamu imalumikiza malo atatuatatu, mpaka nthaka yonse ioneke ngati ukonde. Chimenecho ndi chithunzi cha nthaka monga ilili. Kenaka wopima amajambula khoma monga lidzakhalire. Kompyuta imayerekeza ziwirizi. Pamene khoma lili pamwamba pa nthaka imalemba aterro. Pamene pafunika kukumba imalemba escavação.

Kompyuta ndi yachangu, koma sinaponde m'khwawa mwathu. Imangodziwa zimene yapatsidwa. Wopima akadumpha dzenje, dzenjelo siliwerengedwa. Drone ikauluka pa udzu wautali, ikhoza kupima pamwamba pa udzu m'malo mwa nthaka. Ndiye tiyende naye wopimayo, timusonyeze maenje ndi miyala. Tisenge udzu iye asanafike.

Akatipatsa pepala, tifunse mafunso atatu:

1. Kodi dothi lakuda la pamwamba, la mizu, limene tidzayamba kuchotsa, mwaliwerengera?
2. Nanga ngalande ya pansi pa khoma, yothiramo dongo lotseka madzi?
3. Nanga njira yotayira madzi damu likadzadza?

Zitatuzi sizili mu 240 wathu uja. Zikakhala papepala lake, nambala yake idzakula. Tipemphe kuti nambala ya khoma ilembedwe payokha. Ikakhala pafupi ndi 240, zili bwino. Ikakhala 500, tisasayine msanga. Tifunse. Mwini thirakitala akamalipiritsa pa kiyubiki mita, nambala yolakwika imadya ndalama za mamembala onse.

Kale tinkadinda chala pa pepala limene sitinaliwerenge. Tsopano tili ndi pensulo.

TIKAMBIRANE

1. N'chifukwa chiyani khoma loyamba lija linakokoloka?
2. Munthu wina wachulukitsa 14 ndi 40, wapeza 560. Walakwa pati?
3. Ndani m'koperativa mwathu adzasunga buku la manambala?

TILEMBE

1. Makiyubiki mita 6 ndi ndowa zingati?
2. Pamwamba ndi mamita 3, msinkhu ndi mamita 3, pansi ndi mamita 15. Pezani nkhope.
3. Lembani m'kope katatu: Tipima, tiwerengera, kenaka tikumba.

NTCHITO YA MAWA

Tibwere ndi chingwe, levulo, zikhomo 5 ndi kope. Tikumane pa khwawa m'mawa, amayi ndi abambo pamodzi. Aliyense adzapima chikhomo chimodzi ndi kulemba yekha nambala yake.