Tisamuonjezere bala munthu wovulala pa ngozi



Amene munadutsapo pa Tsangano Turn-off mukudziwa mmene pamakhalira: amayi ndi mabeseni a mbatatesi, kabichi ndi tomato m'mphepete mwenimweni mwa M1, minibasi zikuima paliponse, njinga zamoto za kabaza zikulowa njira yokwera ku Tsangano. Nyengo yozizira nkhungu ikakuta mapiri aja, dalaivala saona patali. Ku Ntcheu komweko sitinaiwale za 2019, pamene galimoto yaikulu inalowa pamsika wa Kampepuza n'kupha anthu ambiri. Ngozi ikachitika chonchi, oyamba kufika sakhala adokotala, timakhala ife tomwe. Nde tiyeni tidziwe mabala amene tingakumane nawo.

Loyamba ndi la m'mutu, lofala kwa okwera njinga yamoto opanda helemeti. Munthu amatha kudzuka, kusasa fumbi n'kunena kuti "ndili bhobho", koma magazi akuchucha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza n'kumapanikiza bongo. Pakapita maola angapo amayamba kusanza, kusokonezeka, mutu kuwawa kwambiri, kapena tulo tovuta kumudzutsa. Magazi kapena timadzi tikamatuluka m'khutu kapena m'mphuno, ndi chizindikiro choopsanso. Amene wamenyetsa mutu asapite kukagona kunyumba, akaonedwe kuchipatala.

Lachiwiri ndi la khosi ndi msana, ndipo apa mpamene ambirife timalakwitsa chifukwa cha chifundo. Mkati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu wolumikiza bongo ndi thupi lonse. Fupa likathyoka, mtsemphawo umatha kukhala usanaduke. Ndiye tabwera ife, wina wagwira manja, wina miyendo, mutu uli lendelende, tamuponya kumbuyo kwa lole. Munthu amene akanachira n'kuyendanso amatha kufa ziwalo moyo wake wonse. Ngati palibe moto kapena galimoto zina zomuopseza, musamusunthe mwaphuma. Wina agwire mutu kuti usagwedezeke, ndipo pomunyamula mukhale anthu angapo, mumugoneke pa thabwa kapena chitseko, mutu, khosi ndi msana zili mzere umodzi.

Lachitatu ndi kutaya magazi. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo fupa la ntchafu likathyoka, magazi opitirira lita imodzi amatha kutayikira mkati mwa ntchafumo osaoneka kunja. Chiwindi ndi kapamba nazo zimang'ambika m'mimba. Mukaona munthu akuzizidwa, thukuta lili kamukamu, akupuma mofulumira ndiponso akudandaula ludzu, dziwani kuti nthawi yachepa. Musamupatse madzi kapena chakudya, chifukwa mwina afunika opaleshoni. Pa bala lotuluka magazi, pindani nsalu yoyera, kaya chitenje kaya mpango, mukanikize mwamphamvu osasiya. Nsalu ikanyowa, onjezerani ina pamwamba, osachotsa yoyambayo. Dothi, phulusa kapena zitsamba pabala ayi.

Fupa lothyoka musaliwongole. Limangeni ndi thabwa kapena ndodo mmene lililimo. Amene wavulala nthiti n'kumabanika afike msanga ku chipatala cha boma cha Ntcheu, komwe ovulala kwambiri amawatumiza ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe.

Chomaliza ndi cha ife a mafoni. Munthu wagona pansi, zovala zang'ambika, ife tili kalikiliki kujambula. Mayi ake akumva za mwana wawo pa WhatsApp asanauzidwe mwaulemu. Abale, foni imeneyo imbirani apolisi kapena pezerani galimoto, ndipo mufunditseni mnzanuyo.

Sabata ino mukamakwera kabaza, funsani helemeti. Mukakhala kutsogolo m'galimoto, mangani lamba ngakhale anzanu akusekeni. Allah achiritse onse ovulala ndipo atiteteze m'maulendo athu. Ameen.