Phunziro la Maiko Opeka: Kuchokera kwa Sun Wukong Kufika pa Phiri la Yao

Mwana wanga, funso lako ndi labwino, ndipo likufuna yankho losathamanga. Unafunsa kuti anthu amene amapanga makatuni amene mumaonera pa foni kuno ku Lione, monga Dragon Ball ndi Avatar: The Last Airbender, amazitenga kuti zinjoka, milungu ndi mawu achilendo aja. Kodi zonse n'za m'mutu mwawo? Ayi. Zambiri anazitenga ku zipembedzo za ku Asia, kenaka anazisintha kuti zikwanire nkhani yawo. Poti unandiuzanso kuti ukufuna kulemba nkhani yakoyako, tsegula kope lako, tiyende pang'onopang'ono.

Tiyambe ndi mawu atatu. Loyamba ndi nthano. Nthano ndi nkhani ya makolo, ija agogo amayamba ndi "padangokhala" ana n'kuyankha kuti "tili tonse". Aliyense amadziwa kuti Kalulu sadalankhulepo, koma timamvera chifukwa muli nzeru.

Lachiwiri ndi nthano ya chiyambi. Imeneyi imafotokoza mmene dziko, anthu, imfa kapena mvula zidayambira. Ilibe mlembi wodziwika, ndipo eni ake amailemekeza chifukwa imakhudza chipembedzo chawo.

Lachitatu ndi dziko lopeka. Limeneli ndi dziko limene mlembi walimanga dala m'maganizo mwake, lokhala ndi mapiri ake, mitundu yake ya anthu, malamulo ake ndi mawu akeake. Mlembi amadziwa kuti wapeka, wowerenganso amadziwa. Gwira kusiyana kumeneku: nthano ya chiyambi ili ndi anthu oikhulupirira, dziko lopeka lili ndi mwini amene analipanga. Zonse zimene zikubwera zatsamira pamenepa.

Tsopano tipite ku China. Cha m'ma 629, mmonke wina dzina lake Xuanzang ananyamuka mumzinda wa Chang'an kupita ku India. Mmonke ndi munthu amene wasiya banja ndi chuma kuti atsatire chipembedzo moyo wake wonse. Iye anali wa Chibuda, chipembedzo chotsata ziphunzitso za Siddhartha Gautama, amene amatchedwa Buddha. Anadutsa zipululu ndi mapiri, anaphunzira pa sukulu yaikulu ya Nalanda, ndipo anabwerera mu 645 atanyamula mabuku 657. Uwu ndi ulendo weniweni wa munthu weniweni.

Anthu anakhala akusimba za ulendowu kwa zaka mazanamazana, aliyense akuwonjezera zake. Mu 1592 munasindikizidwa buku la mitu 100 lotchedwa Xiyou Ji, kutanthauza Ulendo wa Kumadzulo, ndipo ambiri amati mlembi wake ndi Wu Cheng'en. M'bukumu mmonke uja sayenda yekha. Ali ndi omuteteza: munthu wa nkhope ya nkhumba dzina lake Zhu Bajie, chiwanda cha mumtsinje chotchedwa Sha Wujing, chinjoka chimene chinasanduka kavalo woyera, ndiponso pusi wotchuka uja, Sun Wukong. Ayenera kupyola mayesero 81 ulendo wawo usanathe.

Tiime pa pusiyu, chifukwa ndi iye amene atiphunzitse zambiri. Anabadwa kuchokera m'mwala. Amatha kusanduka m'njira 72. Ali ndi ndodo imene imatalika akailamula, ndipo ikafupika imakhala ngati singano moti amaibisa m'khutu. Akazula ubweya wake n'kuuuzira, umasanduka apusi ena omuthandiza nkhondo. Atasokoneza kumwamba konse, Buddha anamuuza kuti ayese kudumpha kutuluka m'dzanja lake. Pusi anadumpha mtunda wosaneneka, nafika pa mizati isanu, naika chizindikiro pa umodzi poganiza kuti wafika kumalekezero a dziko. Atabwerera anapeza kuti mizati ija inali zala za Buddha. Anapanikizidwa pansi pa phiri zaka 500. Atamasulidwa anamuveka mkombero kumutu umene umathina mmonke akanena pemphero lina, mpaka pusi kugubuduka pansi ndi ululu.

Waona? Mphamvu yake ndi yaikulu, koma ili ndi malire. Ili ndiye lamulo loyamba la dziko lopeka, ndipo ndilibwereza: mphamvu iliyonse ikhale ndi malire ndiponso mtengo wake. Bawo imakoma chifukwa mwala uliwonse umayenda motsata lamulo. Wina akamaponya miyala mmene wafunira, oonerera amabalalika. Nkhani imene ngwazi yake imatha chilichonse nthawi iliyonse imatopetsa pofika tsamba lachitatu.

Onanso kuti mlembi wa bukuli anaphatikiza zipembedzo. Buddha ndi Guanyin, mayi wachifundo amene amathandiza oyendawo, ndi a Chibuda. Mfumu ya kumwamba, imene ili ndi nduna ndi alembi ngati boma la padziko, ndi ya Chitao ndi chipembedzo cha anthu wamba a ku China. Chitao chimaphunzitsa za Tao, kutanthauza njira imene chilengedwe chimayendera. Mlembi anatenga uku ndi uku n'kumanga nyumba imodzi.

Tsopano tifike pa mawu ovutirapo, ochokera ku Sanskrit, chilankhulo chakale cha ku India. Lemba lililonse ndi tanthauzo lake.

Samsara ndi kuzungulira kwa kubadwa, kufa ndi kubadwanso. Ahindu ndi Abuda amakhulupirira kuti imfa si mapeto. Cholengedwa chimabadwanso m'thupi lina, la munthu, la nyama, ngakhale la mulungu. Karma ndi zochita za munthu pamodzi ndi zotsatira zake, ndipo ndi imene imaloza kumene adzabadwire. Nirvana, kwa Abuda, ndi kutuluka m'kuzungulirako, pamene dyera, chidani ndi umbuli zazima mumtima. Mawu atatuwa ndi olumikizana: samsara ndiye vuto, karma ndiye imaliyendetsa, nirvana ndiye kumasuka. Ukawadziwa umvetsa chifukwa chake Zhu Bajie, amene kale anali mkulu wa asilikali kumwamba, anabadwanso m'mimba mwa nkhumba atalakwa.

Usasokoneze samsara ndi mwambo wathu wolowa dzina. Mdzukulu akapatsidwa dzina la agogo ake, kapena mfumu yatsopano ikalowa dzina la yakale, dzina ndi udindo ndi zimene zapitirira. Mizimu ya makolo imakhalabe mizimu, ndipo anthu amaikumbukira ndi nsembe. Ziphunzitso ziwirizi si chimodzi.

Tsopano tibwerere ku makatuni aja. Dragon Ball inayamba mu 1984 ku Japan monga nkhani ya zithunzi zojambula ya Akira Toriyama. Dzina la ngwazi yake, Son Goku, ndi lomwe lija la Sun Wukong m'katchulidwe ka Chijapani. N'chifukwa chake Goku ali mwana anali ndi mchira, ndodo yotalika ndi mtambo wokwera. Mphamvu imene amaitcha ki, ku China amati chi, ndipo ndi mphamvu ya moyo imene asing'anga ndi aphunzitsi a masewera a nkhondo a kumeneko amati imayenda m'thupi. Kuti munthu aiponye ngati moto kuchokera m'manja, zimenezo anawonjezera ndi Toriyama. Lamulo la malire lilinso pamenepa: mipira imene ukaisonkhanitsa imaitana chinjoka ndi isanu ndi iwiri, ndipo chinjokacho chikapereka chimene wapempha, mipirayo imamwazikana n'kusanduka miyala chaka chathunthu.

Avatar ndi chitsanzo chozama kuposa pamenepa. Anaipanga Michael Dante DiMartino ndi Bryan Konietzko ku America, ndipo inaonetsedwa kuyambira 2005 mpaka 2008 m'zigawo 61. Dziko lake lili ndi mitundu inayi: ya madzi, ya nthaka, ya moto ndi ya mpweya. Amene ali ndi luso amalamulira chinthu chimodzi chokha. Avatar yekha ndiye amatha zonse zinayi. Kayendetsedwe ka thupi anakatenga ku masewera enieni a ku China: madzi ku tai chi, nthaka ku Hung Gar, moto ku Shaolin wa kumpoto, mpweya ku baguazhang. Ukadzaoneranso, yang'ana mapazi. Wa nthaka amaponda mwamphamvu miyendo itatambasuka, wa mpweya amangozungulira mdani wake.

Koma mvetsetsa apa. Kwa Ahindu, avatara ndi kutsika kwa mulungu padziko m'thupi looneka, monga Vishnu amene amati anabwera monga Rama ndiponso monga Krishna. Aang, amene ndi Avatar wa m'katuni, sali choncho. Iye ndi munthu amene amabadwanso mobwerezabwereza, ndipo anamuzindikira ali khanda posankha zidole za ma Avatar amene analipo iye asanabadwe. Mwambo umenewu ndi wa Abuda a ku Tibet pofunafuna mtsogoleri wawo watsopano wachipembedzo, Dalai Lama. Ngakhale mphunzitsi wa Aang amatchedwa Gyatso, pamene Dalai Lama wa nambala 14, wobadwa mu 1935, ndi Tenzin Gyatso. Choncho mawu ndi a Chihindu, mwambo ndi wa ku Tibet, kamenyedwe ndi ka ku China, nkhani ndi yatsopano.

Maganizo anga ndi awa. Opanga Avatar anagwira ntchito yabwino chifukwa anayamba aphunzira asanabwereke. Komabe katuni si mphunzitsi wa chipembedzo. Amene angaonere Aang n'kunena kuti tsopano akudziwa Chihindu walakwira anthu amoyo. Anthuwo sali kutali. Ku Salamanga, kumwera kwa Maputo, kuli kachisi wa Ahindu, ndipo ku Blantyre kuli Amitofo Care Centre, kumene Abuda amalera ana amasiye. Mawu amene kwa iwe ndi zokometsera nkhani, kwa iwo ndi pemphero. Ili ndiye lamulo lachiwiri: dziwa tanthauzo lenileni la mawu usanawabwereke, ndipo dziwa pamene wasintha.

Nanga iwe umanga ndi chiyani? Sukusowa zipangizo. Yohanna B. Abdallah, wansembe amene anatumikira ku Unangu kuno ku Niassa, analemba m'buku lake la 1919, Chiikala cha Wayao, kuti Ayao anachokera pa phiri lotchedwa Yao, cha kufupi ndi Mwembe. Achewa amasimba za Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama m'malire a Malawi ndi Mozambique, kumene mwamuna, mkazi ndi nyama anatsika ndi mvula n'kusiya mapazi pathanthwe. Amati munthu atapeka moto thengo linapsa, nyama zinamuthawa kupatula galu ndi mbuzi, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Muli chiyambi, muli cholakwa, muli mtengo wake.

Chinjoka nachonso tili nacho. Ku China chinjoka chimalamulira mvula ndi nyanja, ku India kuli naga, njoka zamphamvu za m'madzi. Kwathu kuno kuli Napolo, njoka ya pansi pa mapiri imene amati ikamasamuka imagumula nthaka ndi kubweretsa chigumula. Anthu anamutchula pa ngozi ya ku Zomba mu 1946 ndi ya ku Phalombe mu 1991. Steve Chimombo wa ku Malawi anamangapo ndakatulo zake za mu 1987, Napolo Poems. Kumbukiranso kuti Chisilamu, chimene mabanja ambiri a kuno amatsatira, chinachokera ku Arabia, komwenso ndi ku Asia, ndipo mawu akuti majini anabwera nacho. Pamenepa yenda mosamala. Za majini zili m'Korani, choncho funsa ashehe usanalembe. Zinsinsi za jando, za nsondo ndi za kudambwe si zolemba m'nkhani. Ulemu umene ndakupempha kwa Ahindu ndi Abuda uyambe ndi anthu akwanu.

Ntchito yako ya sabata ino ndi iyi. Patsamba limodzi jambula mapu a dziko lako, okhala ndi phiri, mtsinje ndi midzi itatu. Patsamba lachiwiri lemba mphamvu imodzi yokha ya m'dzikolo: ndani ali nayo, amaipeza bwanji, imalephera pati, ndipo amalipira chiyani akaigwiritsa ntchito. Patsamba lachitatu lemba mawu asanu a m'dziko lakolo ndi matanthauzo ake, ndipo pambali pa lililonse usonyeze ngati walipeka wekha, walitenga kwa agogo, kapena walibwereka kunja. Usathamangire nkhondo ndi ngwazi, zimenezo tidzazifika. Ukamaliza, ubwere ndi kope lako Lolemba tidzaliwerenge limodzi.