PHUNZIRO LA CINGEREZI: LIU LAKUTI "RE-EMBARK"

Mwezi uno titenga liu limodzi lokha, ndilo re-embark. Silimveka kawiri kawiri pamudzi kapena m'sukulu, koma munthu wa paulendo akalephera kulimva akhoza kutsala pa dooko ali ciimire, katundu wace atapita ndi sitima.

Tiyambe taliphwanya. Pakati pace pali bark, locokera ku liu la Cifalansa lakuti barque, ndiyo ngalawa. Ndipo em- atanthauza kulowa m'kati. Cotero embark ndiko kukwera m'ngalawa, disembark ndiko kutsikamo. Tsono kamutu kaja re- kagwira nchito imene -nso agwira m'cinenero cathu, koma Angerezi aika kao patsogolo, ife tiika kathu pambuyo. Iwo ati re-embark, ife titi kukweranso. Kamzere ka pakatiko kangolekanitsa ma e awiri kuti angagundane. A ku America ena sakalemba konse.

Liu ili liyenera munthu amene anayamba wakwera, natsika. Taganizani sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu m'caka ca 1951. Munthu akwera pa Monkey Bay kunka ku Chilumba. Sitima itakoceza pa Nkhata Bay, iye atsika kukagula nthoci ndi usipa. Akamva mau akuti Passengers must re-embark by four o'clock, adziwe kuti akuitana iye. Penyetsani kaliu ako by: sikanena kuti muyambe kubwera pa 4 koloko iai, kanena kuti pofika nthawiyo mukhale muli m'katimo kale. Koma mnzace wokwera koyamba pa Nkhata Bay pomwepo, za iyeyo ati embark cabe.

Kodi nkofunika kuti combo cikhale comwe cija munatsikamo? Iai, ndipo mbiri ya nkhondo itionetsa bwino. M'caka ca 1939 asilikari a Britain anaoloka nyanja kunka ku France. M'mwezi wa May 1940 ankhondo a Germany anawapanikiza pa gombe la Dunkirk, ndipo kuyambira pa 26 May kufikira pa 4 June anthu oposa 338,000, Angerezi ndi Afalansa ndi ena, anatengedwa kunka ku England. Zombo za nkhondo zinasenza ambiri, ndipo tingalawa ta asodzi ndi ta anthu wamba tinathandiza kuwatola pa madzi osaya. Msilikari Mngerezi sanapeze combo cimene cinamtula caka catha. Komabe nkoyenera kunena kuti he re-embarked, pakuti anadza pa madzi, nabwereranso pa madzi. Koma Mfalansa amene anali pa dziko la kwao ndi kale, iyeyo he embarked, popeza sanayambe watsikapo.

Liu lomweli linenanso za kukweza ena. The captain re-embarked his men ndiko kuti kapitao anakwezanso anthu ace. Ife tisintha kukwera kukhala kukweza. Angerezi asiya liu liri comweco, ndipo apa ophunzira ambiri apunthwa.

Pa ndege liu ili liloledwa. Koma pa basi ndi pa sitima ya pamtunda eni cinenero akonda kunena reboard, kapena mau apafupi akuti get back on. Ife tiyesa kuti wonena re-embark pokweranso njinga yace angosekedwa, ngakhale ayese kuti waonetsa sukulu.

Alipo matanthauzo ena ophiphiritsa. Embark on ndiko kuyamba nchito yaikuru, monga munthu woyamba ulendo wautali. Cotero mwana amene analeka sukulu posowa fizi, nabwererako, tikhoza kunena kuti he re-embarked on his studies.

Aphunzitsi ayese ana ao ndi timau titatu totsata liuli: on ca combo, at ca dooko pokwerera, for ca kumene munka. Alembe ciganizo cimodzi ca munthu wokweranso Ilala pa Likoma kunka ku Nkhotakota, timau tonse titatu tiri momwemo.